Mphini za Ulisese Zinalekezera Pabondo

Mwezi wa Febuluwale, dzuwa likamaswa mtengo ku Māngere, kumwera kwa mzinda wa Auckland, anyamata achisamoa amavula malaya n'kumayenda ndi kabudula kapena kansalu m'chiuno. Ulisese yekha ankayenda ndi buluku lakuda lofika mu akakolo. Anzake akapita kokasambira, iye ankatsala pamchenga n'kumalondera mafoni awo. Osamudziwa ankati ndiwo mavalidwe a oimba nyimbo onga iye. Ife a mpingo wake tinkadziwa chimene ankabisa.

Pansi pa bulukulo panali pe'a yosamalizidwa. Pe'a ndi mphini za mwamuna wachisamoa, zoyambira pamsana, kukuta chiuno ndi ntchafu, kutsikira m'mawondo, n'kudzatsekedwa pamchombo. Mmisiri amazitema ndi tizipeso ta mano akuthwa, akugogoda ndi kandodo, ndipo ntchitoyo imatenga masabata. Palibe amene amakakamizidwa. Mwamuna atha kukalamba khungu lili lopanda kanthu, osanyozedwa ndi munthu. Koma woyamba n'kulekeza panjira amatchedwa pe'a mutu, mphini zoduka, ndipo dzinali limamutsata mpaka kumanda, likudetsanso bambo ake ndi banja lonse. Za Ulisese zinakuta msana ndi mwendo wakumanzere mpaka pabondo. Wakumanja unalibe kanthu. Anamwalira ali choncho, ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Bambo ake, a Fereti, amayendetsa basi, ndipo anakhala akutsogolera kwaya ya mpingo wathu kuyambira ana athu ali m'manja. Ndi munthu wa mawu ochepa, wa malaya ositidwa omangidwa mpaka pakhosi. Mayi ake, a Maselina, amachapa zovala kunyumba yosamalirako okalamba. Sese, monga tinkamuitanira, anali mwana wawo yekhayo. Anaphunzira kuimba ataimirira pabokosi la nthochi pambali pa limba, ndipo pa Lamlungu la ana, pamene onse amavala zoyera n'kulakatula mavesi, mawu ake ankagwetsa misozi azimayi a mabenchi akutsogolo. Bambo ake sankamuyamikira pamaso. Akaphonya liwu, kunyumba kunali lamba wopachikidwa kuseri kwa chitseko. M'nyumba zambiri za mumsewu umenewo munali lamba wotere, ndipo palibe ankaonapo chachilendo.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito yosanja makatoni m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Nthawi imeneyo ndi pamene anayamba kupeka nyimbo za mtundu umene achinyamata amautcha emo rap: gitala wolira pang'onopang'ono, ng'oma za pakompyuta zogunda m'chifuwa, ndi mawu a munthu wolankhula ngati akuimba, woimba ngati wangomaliza kulira. Ankajambulira m'kabati ya zovala atapachikamo mabulangete kuti phokoso la ndege lisalowe. Anadzitcha Timu, kutanthauza mvula m'Chisamoa. Ankaimba za kusowa tulo, za mtsikana wa ku Ōtara amene anamusiya, ndi za mapiritsi oziziritsa mtima amene ankawapeza kwa anzake a kuntchito. Zonse ankazinena poyera, koma akuluakulu sankamvetsera nyimbozo. Ankangoona tsitsi lopakidwa utoto wobiriwira, zikhadabo zakuda, kenako madontho a mvula amene anatemetsa pansi pa diso kwa mnzake wina wa kamakina kotemera mphini.

Tsiku limene anabwera nawo pa chakudya cha Lamlungu, azakhali ake a Sialei, mlongo wa bambo ake, anamukodola ndi fupa la nkhuku.

"Iwe Sese, tabwera. Kodi denga likudontha kuchipinda kwako?"

"Ayi, azakhali."

"Nanga madzi ali pankhopewa achokera kuti? Tenga nsanza upukute. Anzako akutemetsa mphini za amuna, iwe ukudzijambula zitosi za ntchentche."

Anthu anaseka mpaka kutsamwa. A Fereti sanaseke. Anapitiriza kudya koko wawo, maso ali m'mbale, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanamuyang'anenso mwana wawo kumaso.

Ambiri amaganiza kuti a Fereti ndiwo anamukankhira ku pe'a. Si choncho. Anaipempha yekha. Msuweni wake Kaisa, mwana wa a Sialei, mnyamata wa mapewa ngati chitseko, ankakonzekera kutemedwa ndipo ankasowa mnzake, pakuti mwambo umafuna kuti anthu agone pamkeka awiriawiri.

"Uso, wapeza wogona naye pamkeka?" Sese anafunsa, pomutchula monga amatchulirana anyamata apachibale.

"Bwanji, ukufuna iweyo? Ndi timiyendo ta udzudzuto? Akangogogoda kamodzi tithyoka."

"Sindikuseka. Adadi atha chaka akulankhula ndi nsapato zanga. Mwina akandiona pamkeka adzadzutsa mutu."

Kaisa anasiya kuseka. Sese atawapempha chilolezo bambo ake, a Fereti anangoti, "Ukayamba, umalize."

Ntchito inachitikira m'galaja ya a Sialei, galimoto itatulutsidwa, pansi atayala mikeka. Mmisiri anali a Lemeki, bambo wachikulire wochokera ku Samoa, amene amabwera kuno mwa apo ndi apo. Munthu satemedwa ali yekha. Abale ake amakhala pansi momuzungulira atapinda miyendo, akumukupiza, kumupukuta thukuta, ndi kumuimbira nyimbo zakale. Timati akumusenzerako ululu, ndipo palibe Msamoa amene amayesa kukhalako kungoonerera. Ndi ntchito, ndipo aliyense amadziwa amene wabwera ndi amene sanabwere.

Masiku oyamba anayenda bwino koposa. A Fereti ankafika akangoweruka, yunifomu ili m'thupi, n'kukhala kumutu kwa mwana wawo ndi kuyambitsa nyimbo ndi besi yawo ija. Kaisa amanena kuti tsiku lina Sese, nkhope ili papilo, analowetsa mawu ake apamwamba, n'kuimba ndi bambo ake mpaka a Lemeki anayamba kugogoda motsatira nyimboyo. Sese sanabuule pamsana ponse. Wobuula anali Kaisa, amene anatukwana mpaka mayi ake anamuwomba ndi chokupizira.

"Chithupi chonsechi ukulira ngati mbuzi! Taona mnzako wa timiyendoyo ali phee."

Miyezi ingapo m'mbuyomo, Sese anali ataika pa intaneti nyimbo yotchedwa "Kuseri kwa Chitseko". Inakhala osamveka, kenako, monga zimachitira nyimbo zotere, inafalikira mwadzidzidzi m'sabata imene a Lemeki anayamba ntchafu yakumanzere. Ndime yake yachiwiri imati:

Kuseri kwa chitseko kuli njoka yachikopa,
mwini wake amaimba za chikondi Lamlungu.
Tsiku lonse amatsegulira alendo khomo,
akafika pa langa amangodutsa.

A Fereti anaimva koyamba m'basi yawo yomwe, masana, kuchokera pa foni ya ana asukulu okhala kumbuyo. Mawuwo anawazindikira pa liwu loyamba, popeza anawaumba ndi iwo. Anawo ankaimba motsatira, ndipo mmodzi anakuwa kuti, "Iii, akunenatu dalaivala wa basi!" Basi yonse inaseka, osadziwa amene akuwayendetsa. A Fereti anatsitsa aliyense pamalo pake. Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato.

"M'nyumba muno palibe amene apondenso m'galaja muja."

"Bambo, mwana ali pamkeka," anatero a Maselina.

"Wandivula pamaso pa ana asukulu. Akamukhalire amene amaimba nyimbo zakewo."

A Maselina amanena kuti m'mawa mwake anavala nsapato, n'kuima pakhomo, n'kuzivulanso.

Tsiku limenelo linali la bondo, malo amene amuna onse otemedwa amawatchula motsitsa mawu. Nkhani ya nyimbo inali itafika kale kwa a Sialei. Kaisa ali pamkeka, galaja inali yodzaza. Itakwana nthawi ya Sese, anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina kukaona nthochi pamoto, wina kukayankha foni. Anatsala Kaisa yekha, atagona chammbali ndi miyendo yotupa, akung'ung'udza kanyimbo kosamveka. Kunangomveka kugogoda. Galimoto iliyonse ikaima mumsewu, Sese ankatembenuzira mutu kukhomo. Bondo linatha iye osatulutsa liwu.

Pobweranso kudzayamba mwendo wakumanja, anafika maso ali olemera, lilime likukoka. A Lemeki anagogoda pang'ono, n'kuona kuti mnofu sukunjenjemera. Anaika zida pansi.

"Mwana wanga, wamwa chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Khungu silinama. Ine sinditema munthu amene wachokapo. Dzuka. Udzabwere maso ali oyera, ndipo udzabwere ndi anthu ako. Zonse ziwiri. Ndidzayambira pomwe ndalekezera."

Anamva mawuwa ndi Kaisa yekha ndi othandiza a mmisiri. Sese anamugwira Kaisa dzanja asanatuluke.

"Lumbira, uso. Adadi asamve za mapiritsi. Bola azinena kuti ndathawa."

Kaisa analumbira. A Lemeki nawo sananene kanthu, chifukwa mmisiri satulutsa kunja zochitika pamkeka. Motero anthu anawerenga khungu lokha: mwendo umodzi watha, wina sunayambe, ndiye kuti mnyamata walawa bondo n'kuthawa. Palibe anafunsa chifukwa china, popeza kwa Msamoa mphini zoduka zili ndi chifukwa chimodzi basi. Kaisa anamaliza yake, anadzozedwa mafuta pamaso pa banja lonse, ndipo Sese kunalibe.

Chaka chotsatira chinali cha mbiri ziwiri. M'bwalo la tchalitchi ndi m'masitolo a ku Māngere anali Kabudula wa Mwendo Umodzi. Anyamata ankamukuwiza dzinali pawindo la galimoto. Koma m'timaholo ta m'tauni anali Timu, ndipo achinyamata ankadzaza mpaka pakhomo, akuimba naye liwu ndi liwu, ena akulira. Anachoka kwawo n'kukakhala ndi anzake oimba ku Papatoetoe. Anaimba za chilichonse chomupweteka, koma za pe'a sanaimbepo ndi kamodzi komwe. Oimba anzake ankavula malaya pa siteji. Iye ankatsika thukuta lili chuu m'chijuzi.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: kugonanso pamkeka uja. Pa zinthu ziwiri zimene a Lemeki anamuuza, choyamba chinali m'manja mwake, ndipo analimbana nacho. Kaisa ankamuperekeza kwa alangizi othandiza anthu kusiya mankhwala. Anagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, mpaka anakwanitsa miyezi ingapo osamwa mapiritsi. Chachiwiri chinali m'manja mwa bambo ake.

Atamva kuti a Lemeki akubweranso, anadula tsitsi lobiriwira lija, n'kupita kwawo pa chakudya cha Lamlungu. Anachita zonse zimene mwana amayenera kuchita. Anaperekera mbale, anaingitsa ntchentche akuluakulu akudya, ndipo atamaliza anabweretsa beseni la madzi ndi kansalu, n'kukhala pansi pamaso pa bambo ake.

"Adadi, a Lemeki akubwera mwezi wamawa."

"Ndamva."

"Ndimati ndikamalize."

"Wakuletsa ndani? Galaja ukuidziwa."

"Ndimati mwina inuyo..."

"Ine chiyani? Ndikakhalenso pansi, anthu andione, kenako uthawenso? Manyazi amodzi akwana, Ulisese."

Mwana wachisamoa sabweza mawu a bambo ake pa mkeka wodyera, ndipo kuti afotokoze anayenera kutchula mapiritsi. Ananyamula beseni n'kutuluka. Kukhitchini mayi ake anamulongedzera koko ndi nyama m'mbale yotseka. Anawapsompsona pamphumi n'kunena kuti, "Amami, mwachulutsa. Mukufuna timiyendo timeneti tinenepe?"

A Lemeki asanafike, Kaisa anapita m'mawa wina kukamutenga Sese, n'kumupeza atagona pansi pafupi ndi kompyuta yake, atazizira kale. Ofufuza za imfa anapeza mapiritsi ndi mowa m'thupi limene linali litasiya kuzizolowera, ndipo sanapeze chosonyeza kuti anafuna kufa.

A Fereti anakonza maliro monga amakonzera kwaya, osaphonya kanthu. Analamula kuti mtembo uvekedwe suti ya buluku lalitali, madontho a pankhope aphimbidwe ndi paudala, ndipo bokosi litsegulidwe kumutu kokha. Mabanja anabwera ndi mikeka yofewa ya ulemu, monga timachitira, ndipo pakati pawo panali a Lemeki, amene anali atangotsika ndege. Zolankhula zitatha, anapempha kuonana ndi a Fereti kuseri kwa nyumba, n'kuitananso Kaisa.

"A Fereti, ine ndinatseka pakamwa monga ntchito yathu imafunira. Lero ndikuona kuti ndinasunga chinthu chofunika kutulutsa."

"Anathawa. Tonse tikudziwa. Musadzivutitse pomukometsera."

"Sanathawe. Bondo analimaliza osabuula, popanda womuimbira. Ndatema amuna ambiri, koma wodutsa bondo ali yekha ndinamuona mmodzi, ndiye mwana wanuyu. Ndinamuchotsa ndine, chifukwa tsiku lotsatira anabwera atamwa mapiritsi. Ndinamuuza kuti adzabwere maso ali oyera, adzabwerenso ndi anthu ake."

A Fereti anayang'ana Kaisa. Mnyamatayo anali atagwada kale.

"Ndi zoona, amalume. Anandilumbiritsa. Mapiritsi anali atasiya. Lamlungu lija anabwera kudzakutengani inu."

Kaisa amanena kuti amalume ake anatembenukira kumpanda. Kenako analankhula ngati akuwerenga mawu a munthu wina.

"Ndinamufunsa kuti wakuletsa ndani."

Masana a tsiku lotsatira kunali mwambo wa banja, pamene abale amaimirira mmodzimmodzi kuchitira umboni womwalirayo. Tchalitchi chinadzaza. Kutsogolo kunali mpingo wovala zoyera, kumbuyo achinyamata a tsitsi la mitundumitundu amene sankadziwa poika manja awo. Bokosi litalowa, a Fereti analitsegula lonse. Suti ija munalibe. Sese anavala malaya oyera ndi nsalu ya m'chiuno yopindidwira pamwamba, ntchafu zonse ziwiri zili poyera, ina yakuda ndi mizere yake yosalala mpaka pabondo, ina yopanda kanthu. Paudala anali atapukutidwa, ndipo madontho a mvula ankaoneka.

A Sialei anawakoka mkono wa jekete.

"Achimwene, mwatani? Anthu aonatu!"

"Aone."

Anaima pambali pa bokosi, osakwera paguwa.

"Mwakhala mukumutchula mwana wanga dzina lija. Ndinkamva, ndipo sindinakuletseni. Tsopano yang'anani bwino. Bondo ili ndi lake, analimaliza yekha. Mwendo wopanda kanthuwu ndi wanga. Mukafuna wotchula dzinalo, ndili pano."

Atatero anavula nsapato, n'kukhala pansi kumutu kwa bokosi atapinda miyendo, n'kuyambitsa nyimbo yakale ija ya pamkeka. Ndime yonse yoyamba anaimba okha. Kwaya imene ankaiyambitsa ndi chala chimodzi inali zyoli, aliyense akuyang'ana buku lotseka. Ambiri a m'mabenchi amenewo anali m'galaja tsiku la bondo, ndipo ankakumbukira chimene chinawatulutsa. A Maselina ndiwo anayamba kutsika pabenchi n'kukhala pansi. Anatsatira Kaisa. Pomaliza a Sialei anatenga chokupizira chawo, n'kukwawira pafupi, n'kuyamba kukupiza nkhope ya mwana wa mlongo wawo, nkhope yawo atalozetsa kukhoma.

Dzina lija silimvekanso m'bwalo la tchalitchi chathu, ngakhale palibe analiletsa. A Fereti anasiya kutsogolera kwaya. Amakhala benchi lakumbuyo ndipo amaimba motsitsa. Basi akuyendetsabe, njira yomweyo. Ana asukulu tsopano amawadziwa. Nyimbo za Timu amaziikabe, popeza zinafalikira kwambiri atamwalira, koma "Kuseri kwa Chitseko" ikafika pa ndime yachiwiri, mwini foni amaidumphitsa msanga, ena n'kumayang'ana pawindo.

Mtsikana wina wa mumpingo mwathu, amene amakwera basi imeneyo, akuti tsiku lina atadumphitsa choncho, a Fereti anadzutsa maso pagalasi loonera kumbuyo.

"Mwana wanga, bwezera."

"Pepani, bambo. Ndizimitse?"

"Ayi. Bwezera pomwe wadumphapo. Iimbe yonse."